Makalata a ku Joni m'Mabokosi a ku Hewe

Patatsala zaka zitatu kuti ndipume pa ntchito yophunzitsa mbiri yakale pa koleji ina ya kumpoto, mkulu wa dipatimenti yathu anandiitanira mu ofesi mwake. Anandipatsa fayilo yokhuthala ngati Baibulo la paguwa.

"Madamu, mtsikana uyu aphunzitsi awiri amukana," anatero. "Nzeru ali nazo, koma khalidwe ndiye ayi. Inu ndinu mayi, mwina mudzamutha."

Mtsikanayo ankachita digiri yachiwiri, ndipo ntchito yanga inali yomuyang'anira pa kafukufuku wake. Anabwera tsiku lotsatira, nthawi imene ndinamuuza, osachedwa kapena kufulumira ngakhale ndi mphindi imodzi. Anali wamtali, wochepa thupi, atavala juzi yobiriwira ngakhale kunja kunkatentha. Ndinamupatsa moni, iye n'kuyankha akuyang'ana pawindo. Nditamufunsa chifukwa chake analemba masamba makumi asanu pamene anauzidwa kulemba khumi, anati:

"Anati masamba osachepera khumi. Makumi asanu sachepera khumi."

Ine ndinakulira ku Dedza, m'nyumba imene mwana sankayankha mkulu motero. Ndinaona ngati mwano. Koma nditakhala pansi n'kuwerenga masambawo, tiyi wanga anazizira m'kapu. Ankafuna kufufuza makalata amene amuna a ku Rumphi opita ku migodi ya ku Joni ankalembera akazi awo kale, makalata amene mabanja ena akusungabe m'mabokosi achitsulo. Anali atafunsa kale m'mipingo ndipo ankadziwa makomo a ku Hewe, dera la m'boma lomwelo, kumene makalatawo anali. Pa zaka zanga zonse za uphunzitsi ndinali ndisanaone wophunzira wokonzeka chotero.

Mvula itatha tinanyamuka. Tinagwirizana zoyamba tadzera kwawo, kufupi ndi Mhuju, kuti ndikaonane ndi makolo ake, kenako n'kupita ku Hewe. Tinatsika minibasi pa Mhuju tsiku la msika. Makondakitala ankalimbirana anthu, ogulitsa kaunjika ankakuwa, ndipo pakhomo pa sitolo ina panali masipika awiri akuluakulu akulira mokweza. Ine ndinkafuna kugula shuga ndi buledi, poti mlendo salowa m'nyumba ya eni ake chimanjamanja.

"Madamu, tidzere kuseri," anatero mtsikanayo.

"Kuseri kulibe sitolo. Tiye."

Tinayenda pang'ono chabe. Nditacheuka ndinamupeza atanjuta pafupi ndi matumba a nyemba, manja atatseka makutu, akudzigwedeza uku akung'ung'udza. Anthu anayamba kumuzungulira. Wina anati ndi mizimu ya vimbuza, wina anati aitane abusa. Manyazi anandigwira, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo. Ndinamukoka dzanja.

"Dzuka iwe. Ukundichititsa manyazi pagulu."

Anakuwa kamodzi, kulira kwa munthu amene wapsa ndi moto. Pamenepo mayi wina wogulitsa tomato, amene ankamudziwa kuyambira ali mwana, anadzuka pa malonda ake. Anachotsa dzanja langa pa mtsikanayo mosandikalipira, anamufunditsa chitenje kumutu, n'kubalalitsa anthu m'Chitumbuka. Anakhala naye pansi osamukhudza, osamulankhula. Patapita kanthawi mtsikanayo anadzuka, anapinda chitenjecho bwinobwino, n'kuthokoza m'Chitumbuka kuti, "Yewo chomene, amama." Tinadzera kuseri. Shuga sindinagule.

Makolo ake anali anthu a kumishoni. Bambo ake anali mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito komanso mkulu wa mpingo, mayi ake anali namwino wopuma. M'chipinda chochezera munali mabuku a nyimbo ndi zithunzi za ana atavala mikanjo ya digiri. Titamwa tiyi, mayiwo ananditengera kumunda wa ndiwo kuseri kwa nyumba. Nkhani ya kumsika inali itawapeza kale.

"Madamu, musadandaule, si inu woyamba," anatero. "Madokotala anatiuza kuti ndi otizimu. Tinadziwa mochedwa, ali kale ku sekondale. Si matenda oti munthu amwe mankhwala n'kuchira. Ubongo wake unapangidwa motero, umalandira zinthu mosiyana ndi wanu ndi wanga. Phokoso limene inu mumangoti ndi phokoso, kwa iye limalowa ngati singano m'khutu."

"Nanga bwanji sanandiuze?"

"Anauzapo mphunzitsi wake woyamba uja. Anamuyankha kuti kukoleji si kosamalira makanda. Kuyambira pamenepo anatseka pakamwa."

Anapitiriza kuthyola masamba a mpiru uku akundiuza zinthu zimene palibe buku la uphunzitsi linandiuzapo. Ndizimuuziratu zochitika zisanachitike, makamaka polemba. Ndizinena chimene ndikutanthauza, osazungulira, chifukwa zining'a zimamusocheretsa. Ndisamukakamize kundiyang'ana m'maso, poti akayang'ana kumbali m'pamene amamva bwino. Akatopa ndi anthu, ndimusiye akhale yekha, si kunyada.

"Ife tinamukwapulapo ali wamng'ono," anawonjezera motsitsa mawu. "Bambo akewo mpaka lero zimawapweteka."

Madzulo a tsikulo, dzuwa lisanalowe, ndinamupeza pakhonde akukonza mapepala ake. Sindinali munthu wozolowera kupepesa kwa wophunzira, koma ndinapepesa.

"Ndinakuuzani kuti tidzere kuseri," anatero.

"Unandiuzadi."

"Ulendo wina mudzamve."

Sananene mopsa mtima. Anangonena mmene munthu amanenera kuti mawa ndi Lachinayi. Ndinalonjeza kuti ndidzamva.

Mmawa mwake tinabwerera ku boma la Rumphi, n'kukwera galimoto ya matola yolowera kumadzulo. Tinadutsa pa mphambano ya ku Kazuni fumbi litatiyeretsa nsidze, ndipo masana tinalowa m'chigwa cha Hewe. Tinakhala kumeneko milungu isanu ndi umodzi, m'nyumba ya mphunzitsi wina wa pulayimale amene anatibwereka chipinda ndi njinga ziwiri.

Ndikatseka maso masiku ano, ndi milungu imeneyo imene imandibwerera. Fodya anali atapachikidwa m'zigafa, fungo lake lotsekemera likumveka njira yonse. Chimanga chinali chitauma m'minda, mapesi akuchita phokoso mphepo ikadutsa. Mmawa kunkazizira moti zala zinkauma pa chiwongolero cha njinga. Ine, mayi wa zaka zoposa makumi asanu, ndinali ndisanapalase njinga chichokereni kusukulu, ndipo pachitunda chilichonse ndinkatsika n'kumaikankha. Iye ankafika pamwamba n'kundidikira, osaseka, osandifulumizitsa.

Tsiku lililonse tikabwerako ndinkamulembera pa kapepala ndondomeko ya mawa: tinyamuka nthawi yakuti, tipita khomo lakuti, kukakhala anthu angapo, mwina adzatipatsa chakudya ndipo si bwino kukana chonse. Ankawerenga kawiri, kenako n'kupinda n'kuika m'thumba la juzi. Ndinaona kuti akadziwiratu zimene zikubwera, ankatha kupirira zambiri kuposa mmene ndinkaganizira.

Ntchito tinagawana mwachibadwa. Malonje anali anga. Chitumbuka changa chinali chothyokathyoka, ndipo anthu ankaseka mpaka misozi ndikamati "monire" ndi kamvekedwe ka ku Dedza, koma kusekako n'kumene kunkatsegula mabokosi. Bokosi likatsegulidwa, ntchito inali yake. Ankayala nsalu yoyera pamphasa, kusamba m'manja, n'kutulutsa makalata imodzi ndi imodzi. Mapepala ena anali atafiira, ena atadyedwa ndi chiswe m'mphepete. Ankawajambula ndi foni, kenako n'kuwawerenga ndi galasi lokulitsa zilembo. Pamene ine ndinkaona mizere yofufutika, iye ankawerenga ngati nyuzipepala ya lero. Ndipo sankaiwala. Ankatha kundiuza kuti mawu akuti tinawaonanso m'kalata yachitatu ya khomo limene tinapitako Lolemba lapita, ndikafufuza n'kupeza zili momwemo.

Mwa onse amene anatilandira, amene tinazolowerana nawo kwambiri anali mayi wina wamasiye, mlimi wa fodya, wondiposa zaka pang'ono. Bambo awo anapita ku Joni iwo ali mwana, ndipo anamwalirira komweko. Chimene chinatsala chinali makalata khumi ndi awiri, omangidwa ndi ulusi wa juzi. Mayiwo ankawagwira ngati mazira. Tinapitako maulendo angapo, ndipo nthawi zonse ankatiphikira mbatata.

Sabata yachinayi, tili pakhonde pawo, mtsikanayo anayala makalata awiri a mayiwo pafupi ndi zithunzi za m'foni yake. Anawayerekeza mosamala. Kenako anadzutsa mutu, nkhope ikuwala mwa njira imene ndinali ndisanaionepo.

"Makalata awa sanalembe ndi bambo anu," anawauza m'Chitumbuka. "Dzanja ili ndi limodzimodzi ndi la makalata a makomo ena atatu. Onani chilembo cha g, chili ngati mbedza. Onani t, mzere wake ukudutsa mawu onse. Analemba ndi munthu mmodzi. Bambo anu ayenera kuti sankadziwa kulemba."

Chitumbukacho ndinachimva mokwanira moti mtima wanga unagwa. Mayiwo anatola makalata aja, anawamanga ndi ulusi, analowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Tinadikira. Sanatuluke.

Pobwerera tinakankha njinga, palibe amene anakwera. Pakamwa panga panadzaza mawu ofanana ndi amene ndinalankhula pa Mhuju, koma ndinawameza. Titafika pa kamlatho ka mitengo, iye ndi amene anayamba.

"Madamu, ndalakwitsa chiyani? Zimene ndanenazo ndi zoona."

"Ndi zoona," ndinatero. "Ndipo ndi chinthu chachikulu chimene wapeza. Koma tamvera. Mayi aja bambo awo sanawadziwe. Zaka zonsezi akagwira pepala lija amamva ngati agwira dzanja la bambo awo. Lero wawauza kuti ndi dzanja la mlendo. Kwa iwo zili ngati bambowo amwaliranso kachiwiri."

Anaima. Anayang'ana madzi oyenda pansi pa mlathowo.

"Sindinadziwe," anatero. "Ndimaganiza kuti asangalala. Ine ndikanasangalala kudziwa zoona."

"Ndikudziwa. Vuto si mtima wako. Tsiku lina ukapeza chinthu chotero, uyambe wandiuza ine, tione limodzi mmene tingachinenere."

Masiku awiri otsatira sanatuluke m'chipinda, kupatula kukasamba ndi kudzatenga chakudya. Mphunzitsi mwini nyumba anada nkhawa, koma ndinamuuza kuti timusiye. Ine ndinapita ndekha kwa mayi aja kukapepesa. Ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya. Anandipatsa mpando, ndipo patapita nthawi anayamba kulankhula, Chichewa ndi Chitumbuka akusakaniza kuti ndimve.

"Amama, ine sukulu ndinalekera panjira. Kulemba ndinaphunzirira pa makalata amene aja. Ndinkakhala pansi n'kumatsanzira chilembo chilichonse, ndikuti ndizilemba ngati adada." Anatola kamtengo n'kulemba pansi chilembo cha g. Chinali ngati mbedza. "Ndiye lero mukundiuza kuti ndimalemba ngati munthu amene sindikumudziwa n'komwe."

Ndinangowathandiza kumanga fodya mpaka dzuwa litapendeka.

Tsiku lachitatu mmawa mtsikanayo anatuluka ndi mapepala anayi olembedwa mbali zonse. Anandipatsa kuti ndiyambe ndaona ine, monga tinapanganirana. Anali atatenga makalata onse a dzanja limodzi lija, a amuna anayi, n'kuwayerekeza mawu ndi mawu. Ndinawerenga, ndipo ndinati tipite pompano.

Mayiwo anatilandira mozizira. Mtsikanayo anagwada patali pang'ono, maso ali pa mapepala ake.

"Amama, ndinakupwetekani. Pepani. Sindinadziwe kuti zipweteka. Ndabwera ndi zoona zina." Anatambasula mapepalawo. "Dzanja si la bambo anu, koma mawu ndi awo. Amuna anayi onse anawalembera munthu mmodzi, koma aliyense amalankhula mosiyana. Atatu enawo amangoti moni kwa ana. Bambo anu okha amatchula mwana aliyense ndi dzina, ndipo inu amakutchulani pomaliza, n'kufunsa ngati dzino lija linamera. Iwo okha ndi amene amafunsa za ng'ombe yothyoka nyanga, m'makalata onse khumi ndi awiri. Iwo okha amabwereza mawu akuti chomene kawiri. Wolembayo sanawonjezere zimenezi, chifukwa mwa enawo mulibe. Bambo anu ankakhala pambali pake n'kumanena, iye n'kumalemba."

Mayiwo anaimirira. Kenako analowa m'nyumba, ndipo ulendo uno anatuluka ndi makalata aja. Anamasula ulusi, n'kumupatsa imodzi.

"Werenga, mwana wane. Pamene akunena za dzino."

Anawerenga. Mayiwo anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, kenako anaseka pang'ono.

"Ng'ombe ija inali yovuta," anatero. "Inkathyola khola sabata iliyonse."

Tsiku limenelo anatiuza zimene anali asanatiuzepo: za mmene amayi awo ankayendera mtunda wautali kupita kwa mphunzitsi wa kumishoni kuti awawerengere kalata ndi kuwalembera yankho, ndi mmene akazi ena ankachitira manyazi kunena za mumtima pamaso pa mlembi. Nkhani imeneyo ndi imene inakhala msana wa kafukufuku yense: anthu osadziwa kulemba amene ankalemberana, ndi manja obwereka amene ankawanyamulira mawu.

Titabwerera kukoleji, kulemba sikunamuvute. Chimene chinatsala chinali mayeso apakamwa, pamene wophunzira amaima pamaso pa aphunzitsi ndi anzake m'holo n'kumayankha mafunso. Ndinkadziwa kuti m'holo ija, ndi maikolofoni yake yolira ndi anthu olowa ndi kutuluka, adzauma pakamwa. Ndinamufunsa ngati angalole kuti ndifotokoze za iye ku komiti yoona za mayeso. Anaganiza tsiku lonse, n'kubwera ndi yankho lolemba: "Inde, koma musawauze kuti ndimadwala. Sindidwala."

Ku komiti ndinapempha zinthu zitatu: chipinda chaching'ono chopanda phokoso, mafunso aperekedwe olembedwa papepala pamene akufunsidwa, ndiponso apatsidwe mphindi zingapo zoganiza asanayankhe. Mkulu wa dipatimenti uja anapukusa mutu.

"Madamu, tikamuchitira uyu, mawa aliyense adzafuna zake. Kumeneku ndi kukondera."

"Bwana, magalasi amene mwavalawo anakukonderani ndani?" ndinafunsa. "Mafunso akhale ovuta mmene mungathere. Sindikupempha kuti mumuchepetsere. Ndikupempha kuti muyese zimene akudziwa, osati mmene makutu ake amapiririra phokoso."

Tinakangana misonkhano iwiri. Ena ankati malamulo sanena zimenezo, ine ndinkati malamulo saletsanso. Pamapeto anavomera, mwina chifukwa chotopa nane.

Mayesowo anachitikira m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale. Woyesa wochokera kunja kwa koleji yathu anali bambo wodziwika ndi kugwetsa anthu. Anamufunsa kuti angatsimikize bwanji kuti dzanja ndi limodzi, poti ana onse a sukulu za mishoni ankaphunzitsidwa kalembedwe kofanana. Mtsikanayo anawerenga funsolo papepala, n'kuyang'ana khoma akuganiza. Kenako anayamba. Anatchula kalata ndi kalata, mzere ndi mzere, osatsegula buku la kafukufuku wake, kusonyeza zimene ana a mishoni onse ankafanana ndi zimene munthu mmodzi yekhayu ankachita. Woyesayo anasiya kulemba n'kumangomvetsera. Potuluka anandigwira dzanja n'kundifunsa kuti wophunzira ameneyu ndinamupeza kuti. Mkulu wa dipatimenti anali pomwepo, ndipo anayang'ana pansi.

Chaka chotsatira, fodya atapachikidwanso, tinabwerera ku Hewe kukapereka bukulo kwa eni makalata. Linali m'Chingerezi, choncho iye anali atamasulira m'Chitumbuka mutu wonse wonena za bambo a mayi wamasiye aja. Anauwerenga pakhonde pomwe paja, maso ali papepala kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Poyamba tinalipo atatu. Kenako anthu anayamba kutuluka m'zigafa, manja ali akuda ndi utomoni wa fodya, n'kukhala pansi mwakachetechete, chifukwa mayiwo anali atawachenjeza kuti mlendo wawo safuna phokoso. Ngakhale pomaliza sanaombe m'manja. Bambo wina wachikulire anangoti, "Yewo," ena n'kuvomereza chapansipansi. Ndiyeno anayamba kutchula makomo ena amene ali ndi mabokosi, kutsidya kwa mtsinje, kumene ife sitinafikeko.

Iye anabwererako kangapo kukatsegula mabokosi amenewo, ndipo pano amaphunzitsa mbiri yakale, ali ndi ophunzira akeake. Kwa ine ulendo wokapereka buku uja unali womaliza. Ndinapuma ntchito n'kubwerera kwathu ku Dedza, ndipo mawondo anga sangalolenso njinga. M'zaka ziwiri zomaliza za uphunzitsi wanga ndinalandira ophunzira ena amene anzanga ankawatcha aulesi kapena amwano: bambo wina amene zilembo zinkamusokonekera akamawerenga koma womvetsa zinthu msanga akazimva ndi khutu, ndi mayi wina amene sankatha kukhazikika pa chinthu chimodzi koma ankaona mgwirizano wa nkhani zimene ife tinkaziona ngati zosiyana. Aliyense ndinkayamba ndi kumufunsa chimene chimamuthandiza kugwira ntchito, n'kumvera yankho lake. Chimandiwawa n'choti ndinaphunzira kufunsa funso limeneli nditatsala pang'ono kuchoka. Nthawi zina ndimakumbukira nkhope za ophunzira a zaka zam'mbuyo amene anasiyira panjira, ena mwa iwo nditawalembera ndekha ndi inki yofiira kuti sakulimbikira, ndipo sindidziwa kumene ali.